Wotchi ya Ben 10 ndi Funso la Agogo a ku Kabwazi

Mwezi wa June tinachoka kunyanja kupita ku Kabwazi, m'boma la Dedza, kukaona abale athu amene anakhazikika kumeneko chifukwa cha malonda a usipa ndi nyemba. Amene anadutsapo pa Golomoti n'kukwera chitunda cha Khwekhwelere akudziwa mmene mphepo imasinthira: kumunsi thukuta, kumtunda chisanu cholowa m'mafupa. Ife a kunyanja tikangoswali Maghrib tinkathawira m'nyumba kukafunda mabulangete, ndipo m'nyumbamo munali kanema woyendera batire ya sola. Motero m'masiku asanu amene tinakhala kumeneko tinaonera zambiri kuposa zimene timaonera kwathu chaka chathunthu.

Chakumadzulo kanemayo ankakhala wa ana, ndipo anawo ankafuna Ben 10 basi. Mmodzi mwa iwo, mnyamata wa zaka ngati 8, anali atavala kumkono wamanzere wotchi yapulasitiki yobiriwira imene bambo ake anamugulira tsiku la msika. Nthawi siinkaloza, inkangothwanima ndi kulira akaidina. Mwanayo ankagona nayo, kupita nayo ku madrasa, ndipo tsiku lina anakana kuivula pochita wudhu, mpaka mayi ake anachita kumukalipira kuti madzi ayenera kufika pakhungu. Apo mpamene agogo ake aakazi, amene nthawi yonseyi ankangosenda mbatata ya kachewere osanena kanthu, anatembenukira kwa ife n'kufunsa kuti: "Inu oyenda m'masukulu, tandiuzani. Chapamkono cha mwanayu chikusiyana pati ndi chithumwa chija ashehe anatiuza kuti tichidule m'chiuno mwa ana?" Tonse tinaseka. Koma titamaliza kuseka tinapeza kuti yankho tilibe.

Funsolo latikhala m'mutu kufikira lero. Masewero a pakanema a nkhani zopeka za sayansi ndi odzala ndi zipangizo zimene amati zinachokera kwa zolengedwa za m'maiko akuthambo: mawotchi, mphete, ndodo zolavula moto, mabokosi odzutsa akufa. Ana athu amaziona tsiku ndi tsiku, ndipo ife makolo kawirikawiri timangofunsa ngati museweromo muli zolaula. Zikapanda kupezeka timapita kukadyetsa nkhuku. Agogo aja anafunsa chinthu chozama kuposa pamenepo, ndipo ndi muyeso wawo umene tikufuna kuyezera masewero awiri amene tinaonera ku Kabwazi. Kodi sewerolo limasiya chipangizocho chikhale chithumwa m'maso mwa woonera, kapena limachitsegula kuti aone za m'kati?

Ben 10 ndi sewero la makatuni limene linayamba kuonetsedwa pa Cartoon Network mu December 2005. Dzinali lafala kuno mpaka pazikwama za sukulu, ndipo akuluakulu ena analisandutsa chipongwe cha nkhani zina zimene sitizilowa pano. Ben Tennyson, wa zaka 10, ali patchuthi ndi agogo ake Max komanso msuweni wake Gwen, akuona chinthu chikugwa kuchokera kumwamba. M'kati mwake muli Omnitrix, chipangizo chonga wotchi, chimene chikumulumphira pamkono n'kukanirira pomwepo. Akapotokola nkhope yake n'kuimenya ndi chikhatho, amasanduka chimodzi mwa zolengedwa khumi: Heatblast wa thupi lamoto, Four Arms wa mikono inayi, XLR8 wa liwiro, Grey Matter wochepa ngati chule koma wanzeru, ndi ena. Pakapita kanthawi wotchiyo imathwanima mofiira n'kumubwezera ku umwana wake, nthawi zina ali pakati pa nkhondo, ndipo ayenera kudikira kuti ibwerere kukubiriwira. Nthawi zinanso imamupatsa cholengedwa chimene sanasankhe.

Tiyenera kuvomereza kuti malire amenewa ndiwo ubwino waukulu wa seweroli, ndipo olemba ake anawagwiritsa ntchito mwanzeru m'zaka zoyambirira. Tsiku loyamba limene Ben anasanduka Heatblast anayatsa nkhalango mosafuna. M'gawo lotsatira anasanduka Grey Matter kuti alowe m'mabokosi a chakudya m'sitolo kufunafuna khadi la masewera, zimene ndi kuba ndithu, ndipo sewerolo silinamuyamikire. Wotchiyo siimusintha khalidwe. Imangokuza chimene chili kale mwa iye, dyera ndi chifundo chomwe. Pali mnyamata wina, Kevin, amene anayamwa mphamvu ya wotchiyo mwaumbombo n'kusanduka chilombo chosakanizika ziwalo, osathanso kubwerera. Ndipo mu filimu ya mu 2007, Secret of the Omnitrix, timakumana ndi mmisiri amene anaipanga, Azmuth, nkhalamba yokhumudwa, amene cholinga chake chinali chakuti mitundu ya zolengedwa imvetsetsane polawa moyo wa inzake, koma anaona ena akuifuna ngati chida cha nkhondo. Msilamu akaona zimenezi amakumbukira mawu akuti amana, chinthu chosungitsidwa chimene udzafunsidwa nacho. Kholo lofuna poyambira kucheza ndi mwana wake likhoza kuyambira pamenepa, ndipo silidzasowa chonena.

Komabe tikauika pa muyeso wa agogo aja, Ben 10 amapepuka. Chipangizocho chinagwa kumwamba, Ben sanachigwirire ntchito, sadziwa mmene chimayendera, ndipo sachita khama lenileni kuti adziwe. Akachikhudza m'kati ndiye kuti akuchitokosa mwachibwana. Nzeru yake ili ndi munthu mmodzi wokhala kutali, amene sapezeka wamba. Chimavalidwa pathupi, sichivulidwa, ndipo mwini wake akagwidwa ndi mantha dzanja lake limathamangira pomwepo. Tafotokozani zimenezi kwa mayi aliyense wa ku Makanjira kapena ku Chipoka osatchula za kanema, adzakuuzani kuti mukunena mphinjiri yochokera kwa sing'anga wa kutsidya. Olembawo nthawi ndi nthawi amaika mawu m'kamwa mwa Max akuti ngwazi ndi munthu, osati wotchi. Koma diso la mwana limakhulupirira chimene laona kuposa chimene khutu lamva, ndipo chimene limaona m'gawo lililonse ndi kumenya pamkono, kuwala kobiriwira, kenaka chipulumutso. Tisaiwalenso kuti seweroli linayenda limodzi ndi malonda a zidole. Cholengedwa chatsopano chilichonse chinali chidole chatsopano m'sitolo, ndipo zotsanzira zake ndi zimene zafika mpaka pamsika wa ku Kabwazi.

Choseketsa n'chakuti sewerolo lili ndi zithumwa zenizeni m'kati mwake. M'gawo lotchedwa Lucky Girl, Gwen akupeza chimodzi mwa zithumwa za mfiti yotchedwa Hex, chimene chikumupatsa mwayi pa chilichonse, ndipo kumapeto akuziphwanya zonse. Tinaomba m'manja mumtima. Koma pasanapite nthawi Gwen yemweyo akutenga buku la matsenga n'kuyamba kuloweza mawu ake, ndipo mu Ben 10: Alien Force, imene inayamba mu 2008, akutiuza kuti mphamvu zakezo n'zochokera kwa agogo ake aakazi amene anali cholengedwa chakuthambo. Ufiti wasanduka sayansi ndi chiganizo chimodzi. Ngati olemba eni ake sasiyanitsa makina ndi matsenga, sitingadabwe kuti nkhalamba ya ku Dedza inaona zonse ngati chinthu chimodzi.

Vuto la chipangizo chochita zonse ndi lakale m'masewero otere, ndipo ngakhale opanga ake amalidziwa. Mu Doctor Who, sewero la BBC limene linayamba mu 1963, mwini nkhani ali ndi kachipangizo konga cholembera kamene kanaoneka koyamba mu 1968, ntchito yake ili kumasula masikuluwu chabe. Pang'onopang'ono kanayamba kutsegula chitseko chilichonse, kufikira mkulu wa sewerolo, John Nathan-Turner, analamula kuti kaphwanyidwe mu 1982 chifukwa kankapeputsa ntchito ya olemba. Katabwerera, anachita kukaikira malire akuti pamtengo sikagwira ntchito. Aliyense amene anamverapo nthano pamoto akudziwa chifukwa chake: Kalulu akanakhala ndi kiyi wa msampha uliwonse, palibe mwana akanakhala maso kudikira mapeto.

Ana akagona, kanema ankatsala ndi akuluakulu, ndipo mnyamata wina wa pabanjapo amene anabwera kuchokera ku Johannesburg anali ndi fulashi yodzala ndi Stargate SG-1. Iye ankatanthauzira m'Chichewa monga amachitira anyamata a m'nyumba zoonetsera mafilimu, kuwonjezera zake apa ndi apo. Seweroli linayamba mu 1997 n'kutha mu 2007 litafika magawo 214, ndipo linachokera mu filimu ya mu 1994. Nkhani yake imati mu 1928 ofukula zakale anapeza ku Giza, ku Egypt, chimphete chachikulu chokhala ndi zizindikiro 39 m'mbali mwake. Ukasankha zizindikiro 7 mwandondomeko yoyenera, pakati pake pamaoneka ngati madzi oima chilili, ndipo wolowamo amatulukira kudziko lina lakuthambo. Asilikali a ku America akuchisunga pansi pa phiri la Cheyenne ku Colorado, ndipo gulu la anthu anayi limadutsamo kukafufuza. Mosiyana ndi Ben, anthuwa amachivutikira chipangizocho. Mbali yake yoyendetsera inasowa, choncho anachita kulumikiza makompyuta awo, ndipo katswiri wawo Samantha Carter amawerengetsa, kulakwitsa, n'kuyambiranso.

Chimene chinatigwira mtima ndi adani a m'seweroli, otchedwa Goa'uld. Iwowa ndi tizilombo tonga njoka timene timalowa m'khosi mwa munthu n'kulanda thupi lake, ndipo amadzitcha milungu: Ra, Apophis, Hathor. Umulungu wawo wonse ndi zipangizo. Ali ndi chovala cha m'dzanja chimene chimaponya munthu kutali kapena kumuwotcha ubongo, mphete zimene zimawatsitsa kuchokera m'chombo m'kuwala kuti aoneke ngati atsika kumwamba, ndi ndodo zolavula moto za asilikali awo. Zambiri mwa izi sanazipange okha. Ngakhale zipata zija anazipeza zitasiyidwa ndi mtundu wina wakale. Kuti chinyengocho chikhalitse, amaletsa akapolo awo kudziwa mmene zinthuzo zimayendera, ndipo mu filimu ija Ra analetsa ngakhale kulemba ndi kuwerenga. Asilikali awo, a Jaffa, amanyamula mwana wa njokayo m'thumba la pamimba, ndipo akamuchotsa amafa, kotero kuti unyolo wawo uli m'thupi mwawo momwe. Apa sewero lachita chimene Ben 10 sanachite. Latenga chipangizo chodabwitsa, latilola kuchiopa, kenaka latitengera kuseri kukationetsa dzanja limene likudina.

Sitinathe kuonera zimenezi osakumbukira Sura ya Taha. Mmenemo muli nkhani ya Samiri, amene anasungunula zodzikongoletsera za ana a Israeli n'kuumba thole lotulutsa mawu, ndipo anthu analigwadira. Ena mwa omasulira Qur'an yolemekezeka amati kulirako kunali mphepo yodutsa m'mimba mwa fanolo. Ngati zinali choncho, tholelo linali chipangizo chosavuta, ndipo chimene chinalisandutsa mulungu ndi anthu amene sanafune kusuzumira m'kati. M'sura yomweyo muli amatsenga a Farawo, amene zingwe ndi ndodo zawo zinaoneka ngati zikuyenda. Pamene ndodo ya Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) inameza zonsezo, oyamba kugwa ndi nkhope pansi anali amatsenga omwewo, ngakhale Farawo anawaopseza kuti awadula manja ndi miyendo. Anazindikira msanga chifukwa ankadziwa ntchito yawo. Ankadziwa pamene luso la munthu limathera. Mu Stargate, woyamba kupandukira Apophis ndi Teal'c, mkulu wa asilikali ake, amene anaima pafupi kwambiri ndi mulungu wabodzayo mpaka kuona msoko wa chinyengo chake. Sitikunena kuti olemba a ku America anawerenga tafsiri. Tikungoti anagunda pa choonadi chimene ife tinaphunzira kale pamkeka wa ku madrasa, ndipo anachisewera bwino.

Chipangizo chimene chinautsa mkangano pakati pathu usiku umenewo ndi bokosi lagolide limene a Goa'uld amagonamo, lochiza mabala ndi kudzutsa amene wangomwalira kumene. Bambo wa panyumbapo anafuna kuzimitsa kanema, nati moyo ndi imfa zili m'manja mwa Allah yekha, ndipo sitinawatsutse. Koma tinapempha kuti tione gawo lotchedwa Need, la mu 1998. Mmenemo Daniel Jackson, munthu wofatsa kuposa onse m'gululo, akulowa m'bokosilo mobwerezabwereza ali bwinobwino, ndipo tsiku lililonse akutuluka wamphamvu koma wouma mtima, mpaka kuiwala anzake amene akuvutika mumgodi. Atalisiya akunjenjemera ngati chidakwa chosowa kachasu. Sewerolo likunena kuti wothawa imfa ndi makina amalipira ndi umunthu wake, ndipo a Tok'ra, abale a Goa'uld amene anapanduka, amakana kuligwiritsa ntchito pa chifukwa chomwecho. Tingodandaula kuti olembawo salemekeza lamulo lawo nthawi zonse. Akafuna kubweza munthu amene anamupha m'gawo lapitalo, bokosilo limapezeka pafupi.

Kuyamika kwathu kuthere pamenepa, chifukwa Stargate ili ndi chilema chimene munthu wa mu Africa sayenera kuchilumpha. Maziko a nkhani yonse ndi akuti mapiramidi a ku Egypt anali malo oterapo zombo za zolengedwa zakuthambo, ganizo limene Erich von Däniken ndi anzake anafalitsa zofanana nalo kuyambira mu 1968. Ili ndi bodza limene limalanda anthu ntchito ya manja awo. Pafupi ndi Giza ofukula anapeza mudzi wa antchito, mophikira buledi wawo ndi manda awo. Mu 2013, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Nyanja Yofiira, kunapezeka zolemba za kapitawo wotchedwa Merer, amene zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ankalemba tsiku ndi tsiku mmene gulu lake linkanyamulira miyala pangalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza. Anali anthu a pamadzi ngati ife, odziwa mphepo ndi kulemera kwa katundu. Bodza lotere talimvapo pafupi: boma la azungu ku Rhodesia linkakana kuti makoma a Great Zimbabwe anamangidwa ndi anthu akuda, ngakhale Gertrude Caton-Thompson anali atatsimikiza zimenezo mu 1929. Ndipo tinkaonera seweroli tili m'dera la mapanga a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za Akafula ndi Achewa, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Mwana wozolowera kumva kuti chodabwitsa chilichonse chakale chinachokera kuthambo adzafika pa thanthwe lotere n'kufunsa kuti anajambula ndani, osaganizira makolo a mnzake wokhala naye pa desiki imodzi.

Palinso tsankho lina lobisika. Si Goa'uld okha amene amadzitcha milungu. Mtundu wa Asgard umachitanso chimodzimodzi, kudzionetsa ndi zithunzi za kuwala ngati Thor, mulungu wa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya. Koma awa sewerolo limawakhululukira, ati amanamiza anthuwo powateteza kufikira atakhwima nzeru. Ndiye kuti milungu yabodza ya ku Egypt ndi njoka, pamene ya ku Ulaya ndi atetezi okoma mtima. Kwa ife bodza pa nkhani ya umulungu silikhala loyera chifukwa wonamayo ndi waulemu. Onaninso amene amabwera kudzamasula akapolo: nthawi zonse ndi asilikali a ku America, ndipo omasulidwawo kawirikawiri ndi anthu a m'chipululu ovala mikanjo, odikira kuuzidwa. M'gawo lina Jack O'Neill akuyerekeza ndodo yamoto ya a Jaffa ndi mfuti yake ya P90 pamaso pa khamu, kuti aonetse kuti yakeyo ndiyo imapha bwino. Magawo ambiri a seweroli ankaonetsedwa pamene nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zinali m'kati, ndipo Msilamu sangaone chithunzi chimenecho ndi mtima wozizira. Sewero limene linatsegula chipangizo cha Apophis lasiya mfuti ya O'Neill ili chitsekere, yopatulika.

Tsopano tingayese kuwayankha agogo aja. Chipangizo ndi chithumwa sizisiyana pa maonekedwe, ngakhale pa malo ovala. Za zolembedwa ma ayah a Qur'an maulama anasiyana maganizo kuyambira kale, ndipo mkangano umenewo sitiulowa. Tikunena za chinthu chimene munthu amachidalira popanda njira yodziwika yolumikiza icho ndi chotsatira chake, chimene mwini wake amaletsa kuchitsegula, ati chisuluka. Chipangizo chili ndi njira imene ingafunsidwe, kuphunzitsidwa ndi kubwerezedwa ndi wina. Mu Sura ya Kahf, Dhul-Qarnayn pomanga mpanda wotchinga Yajuj ndi Majuj anakana malipiro n'kupempha anthuwo kuti agwire naye ntchito: kututa zidutswa za chitsulo, kupemerera moto, kuthira mkuwa wosungunuka. Sitepe iliyonse yatchulidwa, ndipo atamaliza anabwezera chiyamiko kwa Mbuye wake. Mwambo umenewu Asilamu anaupitiriza. Mu 1206 Ismail al-Jazari, mmisiri wa ku Diyarbakir, anamaliza buku lofotokoza zipangizo 50, kuphatikizapo wotchi yamadzi yooneka ngati njovu, makina otunga madzi, ndi mitsuko yothira yokha madzi ochitira wudhu. Zinali zodabwitsa zoti akanafuna akanapusitsa nazo anthu ngati Samiri. M'malo mwake anajambula za m'kati, kulemba miyeso, ndi kufotokoza kalumikizidwe kake kuti mmisiri wina apange zomwezo.

Wina anganene kuti tikulemetsa nkhani ya makatuni. Tikumbutsane zimene zinachitika mu September ndi October 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena, ndipo madotolo anadandaula kuti anzawo ena anavutitsidwa chifukwa chonyamula kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima. Sitikuti kanema ndiye anachititsa. Mphekesera zimenezi zinalipo kanema asanafike m'midzi. Koma mtima umene umapembedza chipangizo chosachidziwa ndi womwewo umene umachiopa mpaka kugenda mwini wake. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Anthu ankamunena kuti wapenga. Chimene chinamusiyanitsa ndi Ben Tennyson n'chakuti ankatha kuloza waya uliwonse n'kunena ntchito yake. Filimu ya moyo wake, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, yambiri ili m'Chichewa, ndipo n'zachisoni kuti pa fulashi ya ku Johannesburg ija panalibe.

Sitinalangize abale athu kuti aletse ana kuonera Ben 10, ndipo sitikulangiza owerenga zimenezo. Choletsedwa mwaukali chimakoma kwa aneba. Stargate ndi ya achikulire ndi achinyamata okhwima, ndipo gawo lake loyamba m'makope ena lili ndi malo osayenera pabanja, kotero wogwira rimoti akhale tcheru. Chimene tinachita tsiku lomaliza chinali chaching'ono. M'mawa, chifunga chisanachoke, tinaitana mwini wotchi uja n'kumupempha kuti tione m'kati mwake. Anakana kwa nthawi yaitali, nati ikatseguka mphamvu ithawa. Bambo ake atalonjeza kuti ikawonongeka agula ina, anaipereka akuyang'ana kumbali. Tinamasula timasikuluwu tinayi ndi nsonga ya mpeni wa agogo uja wosendera mbatata. Munali timabatire titatu tonga mabatani a malaya, kababu kamodzi, kasipika kopyapyala, ndi kachitsulo kamene kamagunda pa kanzake ukadina. Tinachotsa batire imodzi, wotchi inakhala chete, tinaibwezera, inalira. Mwanayo anabwereza yekha kanayi konse, ndipo kachisanu anaika batireyo chadodolido kuti aone chimene chichitike.

Agogo aja anasendera pafupi, natenga chikuto cha wotchiyo, nachitembenuza m'manja mwawo. "Basi, n'zomwezi?" anafunsa. Tinavomera. Anabweza chikutocho n'kupempha mpeni wawo. Pamene tinkakweza matumba a nyemba kuti tiyambe ulendo wotsikira kunyanja, mnyamatayo anali atakhala pakhonde, wotchi ili pambali chitsegukire, akuyang'anitsitsa kumbuyo kwa wailesi ya bambo ake, ndipo mayi ake anali kumuchenjeza ali m'khitchini kuti asayerekeze.